Geti la ku Chiputula

Nkhungu ikamatsika ku Kaning'ina
inkandipeza ndili kale pa shedi ku Luwinga,
zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni,
ndikupukuta galasi lakuda la chipewa chowotcherera
chomwe sichinali changa.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinali wonyamula zitsulo,
wogwirizira, wotumidwa ndodo m'tauni.
A Mzumara akati, "Walinase, tawotcherera apa,"
ndinkati dikirani ndimalize kusesa,
ndipo ndinkasesa posesa kale.

Mantha anga analibe nyanga.
Anali kamawu kakang'ono, kaulemu,
kolankhula ngati aphunzitsi a masamu
amene anandibwezera pepala atalipinda pakati
kuti anzanga asaone.
Kankati: moto uwu ndi wa anthu ena.

Kenako kunagwa maliro ku Ekwendeni.
A Mzumara anasiya makiyi,
anasiya geti la mayi NyaKhonje
lili zidutswa khumi ndi ziwiri pansi,
mwiniwake atalipira kale theka.
"Abwera Lachisanu," anatero ali pa kabaza,
osacheuka n'komwe.

Ndodo yoyamba inamatirira pachitsulo.
Yachiwiri inaboola.
Mzere wanga unali zitosi za nkhuku.
Anyamata a pagalaja anabwera kudzaona,
wina naseka mpaka kutsokomola.
Ndinapala, ndinayambanso.
Magetsi anathima,
ndinakhala pa chigubu kuwerenga
timabala ta mbaliwali pamkono.
Atayaka, ndinayambanso.

Sindidziwa ola lomwe dzanja linaleka kunjenjemera.
Palibe belu linalira.
Ndinangomva kulira kwa moto kutasintha,
kukupita myaa ngati tchipisi m'chiwaya cha pa depoti,
ndipo nditagogoda makoko ndi hamala
pansi pake panali mzere woti n'kuuyang'ana kawiri.
Umodzi wokha,
wautali ngati chala.

Kamawu kaja sikanafe, ndisakunamizeni.
Kanabwera Lachinayi usiku,
maso akuwawa ngati wina wathiramo mchenga,
kakuti: nanga likakagwa?
Nanga likakapsinja mwana?
Koma tsopano ndinali ndi choyankha,
osati mawu okoma a pa kalendala,
koma mzere uja
ndi ina makumi atatu yotsatira,
uliwonse ndinaumenya ndi mphamvu zanga zonse,
sunang'aluke.
Mboni zikalowa m'bwalo
wabodza amatsitsa mawu.

Geti lili ku Chiputula, kuseri kwa chigayo,
lapenti yobiriwira yomwe sindinasankhe ine.
Limalira pang'ono potseguka.
Ngodya yakumanzere inapendekeka theka la chikhadabo
ndipo mu Mzuzu muno ndine ndekha ndikudziwa.
A Mzumara atabwerako analigwedeza kawiri,
nati, "Mawa mawindo a ku Katoto."
Basi.

Mvula zitatu zapita.
Masiku ena ntchito imandikanabe,
chitsulo chimapindika, kasitomala amakalipa,
kamawu kaja kamakonza kukhosi.
Tsiku lotero ndimadzera njira ya Chiputula
ngakhale ili yozungulira,
ndimaima ngati ndikumanga chingwe cha nsapato,
ndimaona mwana akulendewera pa geti langa,
miyendo m'malere,
amayi ake akumukalipira chifukwa cha yunifolomu,
osati chifukwa cha geti.

Mwezi watha kwabwera mtsikana wa ku Zolozolo,
Tafwachi, wamanyazi, wamikono yamphamvu.
Dzulo ndamupeza akusesa posesa kale.
Sindinamuuze kuti ukhoza,
ine ndinauzidwa kambirimbiri, sizinalowe.
Ndamulanda tsache,
ndamupatsa zidutswa ziwiri zopanda mwini
ndi ndodo khumi.
Ndati, wononga zonsezi.
Ndapita kukagula chimanga chootcha
chomwe sindimachifuna,
ndachedwa dala pamsewu.

Pobwerera ndamva ndili patali
ndodo ikumatirira, ikumatuka,
ikumatiriranso,
kenako, kwa mpweya umodzi wokha,
kulira kuja.